Mabuku Ali M'foni, Koma Kodi Ali M'mutu?



Lero tiyeni tikambirane za momwe tingawerengere mabuku a sukulu pafoni popanda intaneti. Koma ndisanalowe m'phunziro, ndiulule kaye kanthu kena komwe kamandichititsa manyazi mpaka pano.

Chaka chomwe ndinkakonzekera MSCE ndinali m'magulu 6 a WhatsApp ogawana manotsi. Tsiku lililonse wina amaponya PDF: Biology, Chemistry, Masamu, mapepala a mayeso akale. Ine kwanga kunali kungodina, kudawuniloda, basi mtima m'malo. Mafayilo anachuluka mpaka kupitirira 70. Ndalama ya bandulo inkachokera kwa mayi anga, omwe amagulitsa zitumbuwa pamsika, ndipo ndikawauza kuti ndi zasukulu sankafunsa kawiri.

Tsiku lina mnzanga anandipempha kuti ndimufotokozere momwe magazi amayendera mumtima. Ndinati, "Dikira aise, buku lake ndili nalo." Ndinasaka kwa mphindi 10 pakati pa mafayilo a mayina ngati DOC-WA0014, osalipeza. Nditalipeza, ndinaona kuti sindinalitsegulepo chidawunilodereni. Mnzangayo anangoseka n'kunena kuti, "Ndiye foni yako ndi yomwe ikalembe mayesowo eti?"

Usiku umenewo sindinagone bwino. Ndinkaganiza za zitumbuwa za mayi zija. Kuyambira pamenepo ndinasintha kachitidwe, ndipo zomwe ndikugawireni apazi ndi zomwe ndinaphunzira movutikira.

N'CHIFUKWA CHIYANI POPANDA INTANETI?

Zifukwa ziwiri tonse tikuzidziwa: bandulo imadula, ndipo kumudzi netiweki imabwera n'kupita. Koma chachitatu ndiye chachikulu. Data ikakhala yoyatsa, sumawerenga. Watsegula buku, uthenga walowa. Wayankha, waona status ya mnzako, kenako ka vidiyo ka TikTok kamodzi kokha. Ukadzidzimuka ola latha, tsamba likadali lomwe lija. Buku losafuna intaneti limakupatsa mpata wozimitsa data osataya kanthu.

PHUNZIRO 1: YAMBANI NDI SILABASI

Musanadawunilode buku lililonse, pezani silabasi ya phunzirolo kwa aphunzitsi anu. Maphunziro a m'sukulu zathu amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mayeso a MANEB amatsata silabasi yomweyo. Lembani mitu yonse m'kope. Buku lililonse lomwe mwapeza muziliyesa ndi mndandanda umenewu: kodi muli mitu yomwe ndikufuna? Ngati mulibe, lifufuteni. Mabuku awiri pa phunziro limodzi ndi okwanira. Ine mwa 70 aja ndinatsala ndi 11.

PHUNZIRO 2: IKANI PULOGALAMU IMODZI YOWERENGERA

Kutsegula buku kudzera mu WhatsApp ndi msampha, chifukwa polowera ndi potulukira pali macheza. Ikani pulogalamu yowerengera mabuku payokha. Ine ndimagwiritsa ntchito ReadEra: ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, imasaka yokha mabuku onse omwe ali m'foni, ndipo imakumbukira tsamba lomwe munalekezera. Mutha kuika chizindikiro pa tsamba ndi kusunga ndime yofunika. Ena amakonda Adobe Acrobat Reader, ena Moon+ Reader kapena Librera. Zonsezi zimatsegula buku lomwe lili kale m'foni popanda data. Sankhani imodzi, muizolowere.

Dziwaninso kusiyana kwa mitundu iwiri ya mafayilo. PDF ili ngati chithunzi cha tsamba: silisintha, choncho pafoni yaing'ono umachita kukulitsa ndi zala n'kumakokera uku ndi uku. EPUB imasintha molingana ndi sikirini. Ukakulitsa zilembo, mizere imadzikonza yokha. Pa mabuku a mawu ambiri monga a History, EPUB ndi yabwino kumaso. Pa Masamu ndi sayansi, momwe muli zojambula ndi matebulo, PDF ndi yodalirika, ndipo mukagoneka foni cham'mbali zilembo zimaoneka zazikulu.

Kenako pangani foda yanuyanu, muitchule SUKULU, m'kati mwake muike foda ya phunziro lililonse. Samutsani mabuku kuchoka mu foda ya WhatsApp, musinthe mayina awo kuti akhale omveka. Ngati foni ili ndi memori khadi, sungani momwemo. Foni ikadzadza timakonda kufufuta za WhatsApp mothamanga, ndipo mabuku amapitira limodzi ndi mavidiyo a ukwati.

PHUNZIRO 3: KOMWE KULI MABUKU AULERE OVOMEREZEKA

Alipo mabungwe omwe amalemba mabuku a sukulu n'cholinga choti aliyense adawunilode ndi kugawana mwaulere.

Siyavula ndi ya ku South Africa. Ili ndi mabuku a Masamu ndi Physical Sciences a Grade 10 mpaka 12, olembedwa m'Chingelezi chosavuta, okhala ndi zitsanzo zowerengetsedwa pang'onopang'ono. Amatsata silabasi ya kwawo, ndiye musawerenge kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Tengani mitu yomwe ikugwirizana ndi yathu, monga trigonometry ndi quadratic equations.

OpenStax ndi ya Rice University ya ku Houston, ku America, ndipo inayamba kutulutsa mabuku mu 2012. Ambiri mwa mabuku ake ndi a chaka choyamba cha ku koleji: Biology, Chemistry, Physics, Statistics, Economics, Anatomy and Physiology. Kwa inu omwe muli ku koleji ndi chuma chenicheni. Kwa a Fomu 3 ndi 4 ndi othandiza pa mutu womwe simunaumvetse m'kalasi, makamaka zojambula zake. Mafayilo ena ndi aakulu ndithu, choncho onani kukula kwake musanadine.

Palinso pulogalamu ya Khan Academy, yomwe imalola kudawuniloda mavidiyo a maphunziro kuti mudzaonere nthawi ina data itazimitsidwa.

Mabuku akunjawa ndi othandizira chabe. Buku lomwe aphunzitsi anu akugwiritsa ntchito m'kalasi ndiye mwini munda.

PHUNZIRO 4: WIKIPEDIA YA M'THUMBA

Nthawi zambiri chomwe chimatibwezera pa intaneti ndi liwu limodzi lovuta. Ukuwerenga, wakumana ndi "osmosis", wayatsa data kuti ufufuze, ndiye wapita basi. Mankhwala ake ndi Kiwix. Pulogalamu imeneyi inayamba mu 2007, ndipo imasunga Wikipedia m'foni ngati fayilo ya mtundu wa ZIM. Musayese kutenga Wikipedia yonse ya Chingelezi ya zithunzi, pakuti ili pafupifupi 100 GB. Mu Kiwix muli zigawo zing'onozing'ono: cha Chemistry chokha, cha Physics, cha Masamu, cha zachipatala. Zolembedwa kuti "nopic" zilibe zithunzi, ndipo za "mini" zili ndi chiyambi chokha cha nkhani iliyonse, choncho zimatenga malo ochepa. Onjezerani dikishonale ya Chingelezi yogwira ntchito popanda intaneti, mwakwanira.

PHUNZIRO 5: ADAWUNILODE MMODZI, MUGAWANE NONSE

Palibe chifukwa choti anthu 10 awononge bandulo pa buku limodzi. Mmodzi adawunilode komwe kuli Wi-Fi, kapena musonkherane bandulo imodzi, kenako mupatsirane kudzera pa Bluetooth kapena Quick Share, yomwe kale inkatchedwa Nearby Share. Izi zimatheka popanda data. Kumbukirani mlongo kapena m'bale yemwe sangakwanitse bandulo. Musadikire kuti apemphe. Ambiri amachita manyazi.

PHUNZIRO 6: ZIMITSANI DATA, TENGANI CHOLEMBERA

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mapulogalamu onse aja angokubweretserani buku, kuwerenga n'kwanu. Ine ndimachita chonchi. Ikatha swala ya Fajr, mutu ukadali wopepuka, ndimaika foni pa airplane mode. Ndimasankha mutu umodzi wokha wa pa silabasi. Ndimawerenga mphindi 30, kenako ndimavundikira foni pansi n'kulemba m'kope zomwe ndikukumbukira, m'mawu anga. Ndikatha ndimatsegulanso buku kuona zomwe ndaiwala. Poyamba zimawawa, chifukwa umazindikira kuti zomwe umaona ngati wamvetsa zinangodutsa m'maso. Koma kuwawa kumeneko kuli bwino kukumve kunyumba kusiyana ndi m'chipinda cha mayeso.

Pa zofunika kuloweza, monga ma formula ndi matanthauzo a mawu, yesani AnkiDroid. Ndi yaulere pa Android ndipo imagwira popanda intaneti. Mumalemba funso kutsogolo kwa khadi, yankho kumbuyo. Khadi lomwe lakuvutani limabweranso msanga, lomwe mwalidziwa limadikira masiku angapo. Amene munalowezapo ku madrasa mukudziwa kale kuti chosabwerezedwa chimathawa.

Airplane mode imasunganso batire, makamaka mukachepetsa kuwala kwa sikirini. Kwa ife omwe timakachajitsa foni pa shopu, kapena magetsi akazima tsiku lonse, zimenezi si zazing'ono.

MACHENJEZO ATATU

Choyamba, mapulogalamu muzitenga pa Play Store. Fayilo ya APK yomwe wina waponya m'gulu itha kubisa zinthu zoba uthenga wa m'foni mwanu.

Chachiwiri, si PDF iliyonse yoyendayenda yomwe ili yaulere. Mabuku ambiri a olemba a kuno kwathu amajambulidwa n'kufalitsidwa eni ake osadziwa, pomwe iwo amadyera momwemo. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ntchito zotere, ndipo bungwe la COSOMA ndi lomwe limayang'anira za umwini wake. Ife tinaphunzitsidwa kuti cha mwini sichitengedwa popanda chilolezo chake, ngakhale chili m'foni. Bwerekani ku laibulale, kapena sonkheranani mugule limodzi.

Chachitatu, thawani aliyense wogulitsa "pepala lenileni" la mayeso. Mu 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali m'kati chifukwa mapepala anabedwa n'kufalikira, ndipo ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso kumayambiriro a 2021. Likasa limapweteka ngakhale amene sanaligwire.

NTCHITO YA SABATA INO

Sindikupemphani zambiri. Lero lomwe lino tsegulani foni, muwerenge kuti muli mabuku angati, ndipo mudzifunse moona mtima kuti mwatsegulapo angati. Fufutani osafunika. Pangani foda ya SUKULU. Mawa m'mawa zimitsani data kwa mphindi 30, muwerenge mutu umodzi, mulembe m'kope.

Ine za mtima zija ndinadzamufotokozera mnzanga uja patatha sabata, ndikujambula pansi ndi kamtengo, foni ili m'thumba. Biology ndinakhoza, Alhamdulillah, ngakhale ndikudziwa kuti ndikanayamba msanga zikanaposa pamenepo. Miyezi yomwe ndinataya posonkhanitsa mafayilo sinabwerere, ndipo ndi chifukwa chake ndikukuuzani nthawi ikadalipo.

Tiuzeni m'munsimu: ndi phunziro liti lomwe likukuvutani kupeza buku lake? Mwina wina pano ali nalo lovomerezeka, tithandizane.

Allah atipatse maphunziro aphindu, atidalitsire nthawi yathu, ndipo awalipire zabwino makolo athu omwe amadzimana kuti ife tiphunzire. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.