PHUNZIRO: KANYULA NDI DIRIPU M'MWEZI WA RAMADHANI



Ambiri a inu amene mukuŵerenga kabuku kano muli kunyanja: ku Mangochi, ku Makanjira, ku Salima kapena ku Nkhotakota. Koma ndi makomo oŵerengeka amene alibe mbale ku Blantyre. Wina mwana wake ali ku Ndirande, wina mlongo wake anakwatiwa ku Bangwe, winanso amabwera yekha ndi usipa kudzagulitsa ku Limbe. Matenda sasankha malo, ndipo sasankha mwezi. Munthu akadwala kuno amayambira ku chipatala chaching'ono cha ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena South Lunzu ku Machinjiri, ndipo zikakula amamutumiza ku Queen Elizabeth, kumene timangoti ku Gulupu.

Chaka chilichonse Ramadhani ikafika timalandira funso ili: "Shehe, anamwino akufuna kundiika kanyula pamkono, koma ine ndamanga. Ndilole kodi?" Yankho lalifupi ndi lakuti: lolani, musachedwe. Tsopano tiyeni tione chifukwa chake.

1. KODI KANYULA NCHIYANI?

Kanyula ndi kachubu kakang'ono kofeŵa ka pulasitiki kamene amakaloŵetsa mumtsempha wa magazi, kaŵirikaŵiri kuseri kwa dzanja, pamkono, kapena pamkati pa chigongono. Ntchito yake ndi kukhala khomo lodzeramo mankhwala, madzi a diripu kapena magazi, kuti wodwala asamabayidwe nthaŵi iliyonse.

Ambiri amaganiza kuti singano imatsala m'thupi. Ai ndithu. Singano imangotsogolera njira. Ikafika mumtsempha amaitulutsa naitaya, ndipo chimene chimatsala ndi kachubu kokha. Makanyula amasiyana kukula, ndipo amadziŵika ndi mtundu wake. Yachikasu, ya nambala 24, ndi ya makanda. Yabuluu, ya nambala 22, ndi yapinki, ya nambala 20, ndi zimene muziona kwambiri m'mawodi. Yobiriŵira, ya nambala 18, ndi yaikulupo, ya munthu wofunika madzi ambiri kapena magazi msanga. Nambala ikamachepa ndiye kuti kanyula ikukula.

2. MMENE AMAIKIRA

Namwino amayamba wasamba m'manja ndi kuvala magolovesi. Amamanga kalamba pamwamba pa mkono kuti mitsempha itupe ioneke, ndipo angakuuzeni kuti mufumbate dzanja. Akasankha mtsempha wowongoka amapukutapo ndi thonje la sipiriti, nadikira kuti paume. Kenaka amabaya mopendeketsa. Timagazi tikaoneka kumbuyo kwa kanyula ndiye kuti wafika mumtsempha. Apo amakankha kachubu, natulutsa singano, namasula kalamba kaja, nathiramo timadzi tamchere kuti aone ngati njira ili yotseguka, kenaka amamata pulasitala. Zikayenda bwino ndi ntchito ya mphindi zochepa chabe.

Nthaŵi zina mtsempha umavuta, ndipo amayesa kaŵiri kapena katatu. Musakwiye msanga. Munthu amene madzi atha m'thupi mitsempha yake imafwafwala, imakhala ngati yathaŵa. Ichi muchisunge, tichitchulanso kutsogoloku.

3. LAMULO LAKE PA SWAUMU

Tisiyanitse zinthu zitatu.

Choyamba ndi kanyula yeniyeniyo. Kuiika sikumasula Swaumu. Si chakudya, si chakumwa, ndipo siidzera kukamwa kapena kumphuno. Timagazi timene timatuluka pobaya sitiwononga kanthu. Sipiriti wopukutira khungu nayenso sawononga Swaumu, pakuti simunamwe.

Chachiŵiri ndi mankhwala ochiza amene amadzera m'kanyula, monga artesunate wa malungo aakulu kapena ceftriaxone wopha tizilombo. Bungwe lalikulu la Maulamaa a Fiqh a maiko a Chisilamu, pa msonkhano wake wa ku Jeddah m'chaka cha 1997, linagamula kuti jakisoni wochiza, wa pakhungu, wa m'mnofu kapena wa mumtsempha, samasula Swaumu, kupatula amene ali wopatsa thupi chakudya.

Chachitatu ndi diripu. Mabotolo amene mumawaona atapachikidwa si amodzimodzi: ena ndi madzi amchere, ena ndi Ringer's lactate amene amapatsa odwala kolera, ena ndi dextrose, madzi a shuga. Pa madzi oloŵa m'malo mwa chakudya ndi chakumwa, chigamulo cha ku Jeddah chija chikuti Swaumu yamasuka, chifukwa thupi lalandira chimene likanalandira podya ndi pomwa. Alipo Maulamaa ena, makamaka a Madh-hab a Hanafi, amene amati siimasuka chifukwa madziwo sanadzere njira ya m'mimba. Sitinyoza mbali iliyonse. Koma langizo lathu nlakuti: ngati mwafika poikidwa diripu, ndinu wodwala ndithu. Liŵerengeni tsikulo ngati ngongole, mudzalibweze mukachira. Mukatero mwatuluka m'chikaiko.

Ndipo palibe tchimo. Mu Surat al-Baqarah, ayah 184 ndi 185, Allah wapereka chilolezo kwa wodwala ndi wapaulendo kuti amasule nadzabweza masikuwo pambuyo. Amene matenda ake ndi osayembekezeka kuchira, kapena ukalamba wamufooketsa, amapereka fidya, ndiko kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse limene sanamange. Chilolezo ndi mphatso yochokera kwa Mwini Swaumuyo. Kodi mfumu ikakupatsani mphatso, nkuikana, mwailemekeza?

4. CHIFUKWA CHAKE TIKUTI MUSACHEDWE

Tonse tikukumbukira kolera amene anayamba m'mwezi wa March 2022 ku Machinga, nafalikira dziko lonse mpaka 2023. Anthu opitirira 1,700 anamwalira. Maboma a kunyanja anavutika kwambiri, ndipo kuno ku Blantyre sukulu zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023. Mu March chaka chomwecho kunabwera namondwe wa Freddy, ndipo patangopita masiku ochepa Ramadhani inayamba, anthu ambiri ali m'misasa, madzi abwino akusoŵa.

Kolera amatha madzi m'thupi m'maola ochepa. Munthu wamkulu wa makilogalamu 60 amene wafooka kwambiri amafunika malita ngati 6 a diripu m'maola atatu oyamba. Madzi onsewo amadzera pa kachubu kaja. Tsono taganizani munthu amene wayamba kutsegula m'mimba itangotha Swala ya Fajr, nkunena kuti, "Ndipirire mpaka Maghrib, ndikafutulu ndiye ndipite." Pofika madzulo maso aloŵa, mitsempha yafwafwala, namwino akusakasaka pobaya osapapeza. Kanyula imene ikanaloŵa mosavuta m'maŵa tsopano yasanduka nkhondo.

Ine ndemwe ndinakhalapo pambali pa bambo wina wachikulire amene anabisa mkono m'chofunda kukana kanyula, ati safuna kuwononga Swaumu yake. Ana ake anali kulira, namwino ataima ndi zida m'manja. Titakambirana anautulutsa mkono, Alhamdulillah, ndipo masiku ake anabweza m'mwezi wa Shawwal. Mtima wake unali wabwino, koma chidziŵitso chinali chopereŵera. Nchifukwa chake talemba phunziro lino.

Choncho wotsegula m'mimba kwambiri kapena wosanza amasule pompo, ayambe kumwa Thanzi ORS, ndipo mupite naye kuchipatala. Chimodzimodzi wa matenda a shuga amene akunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka mutu. Chimodzimodzinso wa malungo aakulu, ndi mayi woyembekezera amene akutaya magazi. Moyo ndi amana imene tinasungitsidwa.

5. WUDHU NDI SWALA

Kanyula siichotsa Swala. Pochita wudhu sambitsani malo onse otheka, koma musanyowetse pulasitala ndipo musaimatule. Pamwamba pake ingopakani mopepuka ndi dzanja lachinyezi. A Madh-hab a Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata, amawonjezapo tayammum chifukwa cha malo amene madzi sanafike. A Hanafi amati kupakako nkokwanira. Ngati madzi sangatheke konse, tayammum ikwanira. Simungathe kuima? Swalini chokhala. Simungathe kukhala? Swalini chogona. Musazule diripu chifukwa mwamva adhana.

Kwa alongo athu: ngati alipo namwino wamkazi, pemphani mwaulemu kuti akuikeni ndiye. Ngati palibe, wamwamuna akuthandizeni. Pa chithandizo chofunika nzololedwa. Vundukulani mkono wokhawo.

6. KWA INU AGADIYANI

Inu odikirira wodwala, maso anu akhale pamkono paja. Pakatupa, pakafiira, pakamaŵaŵa, pakatuluka mafinya, kapena wodwala akayamba kutentha thupi, uzani namwino. Diripu ikaima kapena botolo likatha, muitaneni. Musatsegule kapena kutseka kagudumu kake nokha, pakuti madzi othamanga kwambiri angathe kudzaza m'mapapo, makamaka kwa ana ndi okalamba. Musapake mankhwala achikuda kapena mafuta pamalopo. Sambani m'manja musanakhudze mkonowo. Potuluka m'chipatala kumbutsani kuti aichotse kanyula, pokhapokha ngati adokotala anena okha kuti itsale.

Inu agadiyani ngati muli bwino pitirizani Swaumu yanu. Dakwi wanu idyani, ndipo futali yanu isungeni mpaka dzuŵa liloŵe. Koma wodwala musamuchititse manyazi pamene akumwa phala masana. Iye akutsata chilolezo, inu mukutsata lamulo, ndipo nonse mukumvera Allah mmodzi.

MAFUNSO OKAMBIRANA PABANJA

(a) Kodi chimatsala mumtsempha nchiyani, singano kapena kachubu?
(b) Siyanitsani jakisoni wochiza ndi diripu yopatsa chakudya.
(c) Ndani amabweza masiku, ndipo ndani amapereka fidya?

Ŵerengerani phunziro ili agogo ndi onse osatha kuŵerenga, lisanafike tsiku la vuto. Allah achize odwala athu, awalipire anamwino amene amagona m'maso chifukwa cha ife, ndipo alandire Swaumu yathu. Allah ndiye Wodziŵa koposa.