Mtovu, chikombole ndi mpope wa mfuti: tikuyankha makalata anu

Wowulutsa: Kuno ku Joni kwazizira, June wafika, ndipo alenje ayamba kulongedza za ku Limpopo. Makalata a lero ndi a mfuti, ndipo tili ndi mlendo amene wakhala zaka zambiri akudzipangira yekha zipolopolo zosakira. Yoyamba yachokera ku Rosettenville. Bamboyu akuti amasamala maluwa pa nyumba ina, ndipo abwana ake akufuna kumugulitsa motchipa mfuti ya Winchester pamodzi ndi zida zonse zopangira zipolopolo. Ali ndi pemiti ya ntchito. Atenge?

Mlendo: Achimwene, musatenge, ngakhale atakupatsani ulere. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Control Act la chaka cha 2000, limafuna kuti munthu ayambe wapeza satifiketi yosonyeza kuti ndi woyenera kugwira mfuti. Satifiketi imeneyi amapereka kwa nzika ya South Africa kapena kwa amene ali ndi chilolezo chokhala muno mpaka kalekale, wa zaka 21 kupita m'mwamba. Pemiti ya ntchito sikwanira. Ndipo kudzipangira zipolopolo amaloleza yekhayo amene ali ndi laisensi ya mfutiyo, za mfuti yomweyo basi. Mukapezeka nazo popanda mapepala, nkhani yake ndi ya ndende, kenako basi ya kumudzi.

Wowulutsa: Yachiwiri ndi yaitali, yachokera ku Kempton Park. Awa mapepala onse ali nawo. Mfuti yawo ndi Marlin 336, ya .30-30, ija yokokera kachitsulo pansi. Akuti zipolopolo za m'sitolo zimagwera pamodzi pa chandamale, koma zamtovu zimene amaumba okha zimamwazikana ngati nkhuku zaona kabawi. Mumpope mukutsalira mtovu. Anzawo awauza kuti aumitse mtovuwo. Atero?

Mlendo: Anzanuwo akuchiza mutu pamene chikupweteka ndi mwendo. Nthawi zambiri vuto silikhala kufewa kwa mtovu, limakhala kuchepa kwa chipolopolo. Chikalowa mumpope mokhwepa, moto wa wonga umadutsa m'mbali, n'kumanyambita mtovu n'kuumata m'mizere ya mpope. Mukachiumitsa kwambiri ndiye mwaonjeza vuto, chifukwa cholimba sichifufuma kuti chitseke mpata. Chofewa pang'ono chimafufuma.

Tsono yambani kuyeza mpope wanu. Mfuti ikhale yopanda chipolopolo, mwaonetsetsa kawiri. Tengani kampira ka mtovu wofewa kokulirapo pang'ono, kapakeni mafuta, mukakankhe mumpope ndi kandodo kamkuwa mpaka katulukire uko, ndiye mukayeze ndi maikoromita. Buku limati mpope wa .30-30 ndi 0.308 ya inchi, koma mfuti zimasiyana ngati ana a mimba imodzi. Chipolopolo chamtovu chizikula kuposa muyeso mwapezawo ndi 0.001 kapena 0.002. Marlin zambiri zili ndi mizere ija amati Micro-Groove, yambirimbiri koma yosazama, ndipo kawirikawiri zimakonda 0.310 kapena 0.311. Ine ndinataya nyengo yathunthu ndikulimbana ndi 0.308, ndikunyoza mfuti yosalakwa.

Chachiwiri, tsukani mpope musanayambe. Zipolopolo za m'sitolo zimasiya mkuwa m'mizere, ndipo mtovu umakakamira pa mkuwawo. Chachitatu, liwiro. Cha m'sitolo cholemera magireni 170, amene ndi pafupifupi magalamu 11, chimatuluka pa mafiti ngati 2,200 pa sekondi. Musachithamangitse chamtovu kuti chifike pamenepo. Chopanda kanthu kumatako chimayamba kuvuta chikapitirira mafiti 1,400 kapena 1,500. Mukafuna kupitirira, gulani chikombole cha zipolopolo zovala kachipewa kamkuwa kumatako, kamene amati gas check. Nako mutha kufika cha m'ma 1,800, ndipo pa nswala, mbawala kapena njiri m'tchire lowirira la ku Limpopo, mamita osapitirira 100, nyama igwa.

Ku malo oyesera mfuti, sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Wombani zisanu pa mamita 50, lembani m'kope, dikirani mpope uzizire. Mfuti zimenezi mpope wake ndi womangirira ku chubu cha zipolopolo, choncho ukatentha zipolopolo zimayamba kuyenda pa chandamale, inu n'kumaganiza kuti walakwa ndi wonga.

Wowulutsa: Bambo omwewa afunsanso chifukwa chake zikombole za .30-30 zonse zili za mphuno yaphwatalala.

Mlendo: M'chubu muja zipolopolo zimagona mondondozana, mphuno ya china itagunda primer ya chinzake, kachitsulo ka kumatako kamene kamayatsa wonga. Yosongoka ikhoza kuiphulitsa mfuti ikagwedezeka. Kuyambira pa Winchester ya 1894, imene anakonza John Browning, mwambo wake ndi womwewo. Komanso finyani bwino kukamwa kwa kesi, kachigoba kokhala wonga, kuti chipolopolo chisamire mkati sipuling'i ikamachikankha.

Wowulutsa: Uthenga wina ndi waufupi, wachokera ku Polokwane: tiuzeni wonga wake ndi muyeso wake.

Mlendo: Umenewo pa wailesi sindiwerenga. Wina amva theka ali pa taxi, wina alemba 3 pamene ndanena 2, mawa tikumva kuti munthu alibe zala. Wonga wa kuno ndi wa Somchem, wopangidwa ndi Rheinmetall Denel Munition ku Somerset West, kumene kuphulika kwa mu September 2018 kunapha antchito asanu ndi atatu. Opanga wonga amasindikiza miyeso yawo. Tsatirani imeneyo, muyambire pansi, ndipo muyeso wa wonga wina musausamutsire pa wonga wina ngakhale akuoneka ofanana. Zipolopolo zamtovu zimadya wonga wochepa, kotero kesi imodzi ikhoza kulandira miyeso iwiri osasefukira. Musanakhazike chipolopolo, unikani m'kesi iliyonse ndi tochi. Za gogodela zija, zothira wonga moyerekeza ndi maso, zisiyeni. Dziwaninso kuti lamulo limakulolani ma primer 2,400 ndi zipolopolo 200 pa mfuti iliyonse, pokhapokha mutalembetsa ngati mlenje wokhazikika kudzera ku bungwe lovomerezeka, monga SA Hunters.

Wowulutsa: Yomaliza ndi ya mayi a ku Tembisa. Akuti amuna awo sasaka, koma amasungunula mtovu pa sitovu ya m'nyumba kupanga timiyala ta mbedza, nthawi zina kuchokera m'mabatire akale a galimoto. M'nyumbamo muli ana awiri.

Mlendo: Mayi, kalata yanu ndiyo yandikhudza kuposa zonse. Mtovu sununkha, suwawa, koma fumbi lake likalowa m'thupi mwa mwana limaononga ubongo, ndipo zimenezo sizibwerera. Ku Kabwe, ku Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akupezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi chifukwa cha dothi limene amaseweramo. Mabatire ndiye ayi ndithu: muli asidi ndi zitsulo zina zotulutsa mpweya wakupha. Amene akuumba, kaya za mbedza kaya zipolopolo, achitire panja, ndi mphika wake wosaphikiramo chakudya, atavala magalasi ndi magolovesi. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, ndipo dontho limodzi la madzi likalowa pansi pake mphika wonse umakulavulirani kumaso. Asadye kapena kusuta ali pa ntchitoyo, zovala zake zichapidwe pazokha. Alenje nanunso, dulani n'kutaya nyama yozungulira bala, ndipo matumbo mukwirire, chifukwa miimba ikudwala ndi tizidutswa ta mtovu timene imameza m'zotsala za nyama zowomberedwa.

Mayi, mphika umenewo utuluke m'nyumba lero, ndipo anawo mupite nawo ku chipatala mukapemphe kuti awayeze mtovu m'magazi.