Azakhali: Zaka za matewera ndizilembe bwanji pa CV?

Okondedwa Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Ndinkagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe, koma mu 2016 ndinabereka mapasa, ndipo masabata 8 a tchuthi cha uchembere atatha panalibe wondigwirira ana, choncho ndinasiya. Tsopano mzime wayamba sitandade 1, ndipo malipiro a bambo a ana okha sakufikanso kumapeto a mwezi. Ndikufuna kubwerera pa ntchito, koma CV yanga inathera mu 2016. Chichokereni palibe chomwe ndachita, kupatula kusunga ndalama za banki m'khonde ndi za Mvano kutchalitchi, komanso kageni ka zitenje. Mlamu wanga akuti ndilembe kuti zaka zonsezi ndinkagwira pa shopu yake, adzandivomera. Mnzanga wina akuti ndidzitche "Home Manager". Manyazi andigwira. Nditani?

Make mapasa, Chilomoni

Mwana wanga make mapasa,

Ndawerenga kalata yako mpaka tiyi wandizizirira. Ukuti palibe chomwe wachita? Amayi a banki m'khonde, aja amakangana mpaka dzuwa kulowa chifukwa cha K200 yosowa, akhala akukupatsa ndalama zawo kuti usunge, a Mvano nawonso chimodzimodzi, ndipo sunathawirepo kwanu usiku. Ndiye ubwere kwa ine ndi nkhope yamaliro? Mbewa yamanyazi inafera kuuna, mwanawe. Pukuta maso, tenga cholembera.

Tiyambe ndi mlamu wakoyo. Ndi wamtima wabwino, koma akukukumbira dzenje. Tsiku lomwe abwana adzaimbe foni kufunsa kuti unkalandira zingati ndipo msonkho wa PAYE ankakudulira bwanji, mlamu adzayamba kukhosomola ndi kunena kuti netiweki yavuta. Munthu wowerengera ndalama amalembedwa ntchito chifukwa cha kukhulupirika. Bodza likadzaululika uli kale pampando adzakuchotsa, ndipo ku Industrial Relations Court ukadandaula chiyani? Za "Home Manager" nazonso zisiye. Wowerenga CV nayenso ali ndi khomo, akudziwa kuti manijala ameneyu ndi amene amachapa matewera. Akaseka, CV yako n'kuiika pansi pa zinzake.

Zaka zimenezo uzilembe poyera, mzere umodzi wokha, m'Chingerezi chosavuta: kuti kuyambira 2016 mpaka chaka chino unapuma pa ntchito yolembedwa kuti ulere ana. Basi. Usapepese, usafotokoze za opaleshoni kapena za wantchito amene anathawa ndi mapoto. Mpata wosafotokozedwa ndi umene umaopsa abwana, chifukwa amadzazamo okha maganizo: kaya anali kundende ya Chichiri, kaya anamuchotsa ataba. Ukanena wekha, funso latha.

Tsopano pamene pali nyama. Pansi pa mzere umenewo ulembe ntchito zomwe ukuzinyozazo, iliyonse ndi udindo wake, zaka zake ndi manambala ake enieni. Msungichuma wa gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama, kuyambira chaka chakuti. Mamembala angati? Ngati ndi 25, lemba 25. Pogawana kumapeto a chaka m'bokosi mumakhala ndalama zingati? Tsegula kaundula uwone, usalote. Ndiwe amene umalemba masheya, kuwerengera chiwongoladzanja, kutsata angongole ndi kuyanjanitsa za m'buku ndi za m'bokosi pamaso pa gulu lonse. Ku ofesi ntchito imeneyi amailipira mwezi ndi mwezi, iwe wakhala ukuigwira ulele, uku mwana ali kumsana. Ku Mvano chimodzimodzi: unkalandira zopereka, kulemba malisiti, kupereka lipoti la zachuma pamsonkhano. Geni ya zitenje usaitche kageni. Unkapikula, kuika mitengo, kulandira ndalama pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndiponso kutolera ngongole kwa amayi amene amabisala kubafa akakuona. Wodziwa kutolera ngongole ya chitenje, makampani a ku Limbe akumufuna. Koma zophika, zochapa ndi zoperekeza ana kusikelo zisalowemo. Ndi ntchito yolemekezeka, koma si imene akulembera.

Pamwamba penipeni, pansi pa dzina ndi nambala ya foni, uike mizere itatu yonena kuti ndiwe ndani pa ntchito: wowerengera ndalama wa zaka zakuti, wa maphunziro akuti, wodziwa zakuti. Wowerenga akhale atakukonda kale asanafike pa 2016. Kenako ntchito, kuyambira yaposachedwa kubwerera m'mbuyo, maphunziro pambuyo pake. Masamba awiri akwana. MSCE ndi dipuloma zilembe, koma za JCE ndi zoti unali kapitawo wa kalasi ku pulayimale zisunge zokauza adzukulu.

Ndikudziwa CV zathu za ku Malawi kuno: mudzi, mfumu yaikulu, boma, mpingo, wokwatiwa, ana atatu. Ukufunsira ntchito kapena ukupita ku chinkhoswe? Ngati sanafunse, chotsa. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limaletsa kusala munthu chifukwa choti ndi mkazi, ali pabanja kapena ali ndi udindo wosamala banja. Komabe usapatse munthu ndodo yokumenyera. Ndipo ntchito za boma usaziope: lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, asapitirirenso 60. Ukaona ntchito mu The Nation kapena The Daily Times yomwe ukuikwanitsa mbali yaikulu, tumiza. Amuna amatumiza ngakhale akukwanitsa mutu wa nkhani wokha.

Koma ndikutsine khutu, usati Azakhali amangondikometsera. Pamene iwe unkatsuka mabotolo a mkaka, ofesi sinakudikire. Zamsonkho za MRA anthu akuchitira pa intaneti kudzera pa Msonkho Online, ndipo Excel, Sage ndi QuickBooks ndi zomwe adzakufunse. Pita ukachite kosi yaifupi, ngakhale yamadzulo, kapena ukhale pansi ndi mwana wa mnansi wa ku koleji akukumbutse. Ngati unasiyira panjira mayeso a ICAM, kafunse kuti upitiriza bwanji, ndipo ukalembetsa ulembe pa CV kuti uli mkati mophunzira. Mzere umodzi wokhala ndi chaka chino umayankhula mokweza kuposa satifiketi zonse za 2014. Akadzakufunsa malipiro, usatchule a ku Limbe aja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Funsa anzako amene ali pa ntchito kuti mpando ngati umenewo ukulipira zingati lero.

Okuchitira umboni asakhale bambo a ana, mlamu kapena ine. Funa abwana ako akale, wapampando wa banki m'khonde, ndi abusa kapena mlembi wa mpingo amene anaonapo malipoti ako. Uwaimbire kaye. Ena anasamuka, ena anasintha nambala, ndipo palibe chochititsa manyazi ngati mboni yofunsa kuti, "Mwati ndani?" Imelo ikhale ya dzina lako, ija ya "mamatwins" isiyire gulu la WhatsApp la kusukulu. CV uitumize ngati PDF, osati chithunzi chojambula pamkeka chala chako chikuonekera pakona. Masatifiketi enieni asachoke m'nyumba, tumiza makope. Masabata odikira yankho foni isakhale ndi mapasa, chifukwa abwana sadzaimbanso kawiri akayankhidwa kuti amayi ali kuchimbudzi. Ndipo wina akati utumize ndalama kuti dzina lako lilowe pamndandanda, ameneyo ndi wakuba, ngakhale atayankhula Chingerezi cha m'mphuno.

Ku intavyu funso la ana lidzabwera, kaya molunjika kaya mozungulira. Yankho likhale lalifupi: ana akula, zowasamalira zakonzedwa, ndakonzeka kugwira ntchito. Kuti limeneli lisakhale bodza, khalani pansi ndi bambo a ana sabata ino, mugwirizane wokatenga mzime kusukulu ndi wothamangira kuchipatala malungo akabwera. Ngati sadziwa kumene kuli kalasi ya sitandade 1, uwaperekeze Lolemba akaone khomo lake ndi kudziwana ndi aphunzitsi. Akayamba kung'ung'udza, uwatumize kuno, kalata yawo ndiyankha ndi manja awiri.

Ndine,
Azakhali ako