Kodi Mankhwala a LA Anachokera Kuti?

Inu amene mumalandira LA ku chipatala mukadwala malungo, dziwani kuti gwero lake ndi chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua. M'chaka cha 1969 mayi Tu Youyou, katswiri wa za mankhwala, anapatsidwa ntchito yofunafuna mankhwala atsopano a malungo popeza chloroquine inali itayamba kulephera. Iye ndi anzake anayesa zitsamba zambirimbiri osaphula kanthu, kufikira anazindikira kuti kuwiritsa masamba a chitsambachi kumapha mphamvu yake. Mu 1971 anaitulutsa mphamvuyo popanda kutenthetsa kwambiri, ndipo asanapatse odwala anayamba wamwa yekha. Pambuyo pake akatswiri anasintha pang'ono kapangidwe kake napeza artemether, amene ali mu LA pamodzi ndi lumefantrine.

Ophunzira a m'sukulu zaukachenjede akali pa ntchito yomweyi, chifukwa tizilombo ta malungo timazolowera mankhwala. Kuno kwathu tinasiya kuchiza malungo ndi chloroquine mu 1993, ndipo SP inalowedwa m'malo ndi LA mu 2007. Nchifukwa chake zimandiwawa ndikapeza munthu wasiya LA tsiku lachiwiri, ati wachira. Imwani kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, mutadya kanthu.