Mafunso ndi Mayankho: Za Yucca wa Pakhomo

 Popeza makalata ambiri amene afika pa wailesi pano ku Harare sabata ino akufunsa za chomera chimodzi, chija cha masamba aatali osongoka ngati lupanga chimene ogulitsa maluwa m'mbali mwa misewu amachitcha yucca, ndaona kuti n'koyenera tikhale pa icho lero kufikira nthawi itatha.

Bambo a ku Dzivarasekwa alemba kuti: "Masamba am'munsi a yucca wanga akuuma ndi kulendewera. Kodi ndi matenda?" Iyayi, bambo, mtima ukhale m'malo. Umo ndi mmene chomerachi chimakulira: chikamaphukira masamba atsopano kunsonga, akale am'munsi amauma, ndipo mukawasolola molozetsa pansi thunthu limatsala loyera bwino. Malinga nsonga ili yobiriwira ndipo thunthu lili gwa, musagule mankhwala.

Mwana wa sukulu wa ku Tafara akuti yucca wa agogo ake anatulutsa phesi lalitali la maluwa oyera, iye nadikira mbewu, koma maluwa onse anayoyoka osasiya kanthu. Wachita bwino kufunsa, mwanawe, pakuti safunsa anadya phula. Chomerachi kwawo ndi ku America, makamaka ku Mexico ndi kumwera kwa United States, ndipo kumeneko kuli kagulugufe kausiku, kotchedwa Tegeticula, kamene kamasonkhanitsa mungu wa duwa lina, kukauika mwadala pa duwa lina, ndi kuikira mazira ake momwemo, kotero kuti ana ake amadyako mbewu zina nasiya zina kuti zimere. Anthu anaolotsa nyanja chomera chokha, kagulugufeko kanatsala. N'chifukwa chake mitundu yambiri ya yucca imachita maluwa kuno koma osabala. Ukafuna wako, zula mphukira ya patsinde pamodzi ndi timizu take, kapena dula chidutswa cha thunthu ndi sowo, uchilembe chizindikiro kumtunda kuti usadzachibzale chozondoka, uchiumike pamthunzi sabata imodzi kufikira bala litauma, ndipo uchibzale mu Seputembala kapena Okutobala, nthaka itafunda.

Tsopano nayi kalata imene yandigwira mtima, yochokera kwa amayi a ku Glen View. Akuti: "Ndinagula yucca ndi ndalama zambiri, ndipo ndakhala ndikumusamala koposa. M'mawa uliwonse ndimamuthirira, madzi otsukira mbale ndimathiranso pomwepo, ndipo ndinamuikira manyowa a nkhuku. Koma masamba achita chikasu, thunthu lafewa ndipo likununkha. Kodi pali amene wandichita chipongwe?"

Amayi, palibe munthu wakuchitani chipongwe, ndipo musaganizire anansi anu choipa. Chimene chapha yucca wanu ndi chifundo chanu chomwe. Ndanena pa wailesi pano kawirikawiri, ndipo ndidzanenabe kufikira mutatopa nane, kuti chomera chimene Mlengi anachiika m'dziko la miyala ndi ludzu, nachipatsa thunthu ndi mizu yosunga madzi a miyezi yambiri, sichingapirire kukhala m'chinyezi usana ndi usiku. Kuno ku Harare timalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 800 pachaka, yochuluka kuyambira Novembala kufikira Malichi, pamene m'chipululu cha Chihuahua, kumene mitundu ina ya yucca imamera yokha, mvula sifika ngakhale theka la imeneyi. Choncho mvula yathu yokha ndi phwando kale kwa chomerachi. Nanga inu mukaonjezapo ndowa m'mawa uliwonse, pamodzi ndi mafuta, mchere ndi sopo za m'mbale, mizu ipuma bwanji? Walira mvula walira matope. Mizu ikasowa mpweya imaola, kuolako kumakwera m'kati mwa thunthu mwakachetechete masamba akali obiriwira, ndipo pofika tsiku limene diso liona chikasu, ntchito yatha kale pansi: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musataye mtima, komabe. Mawa lomwe tengani sowo, mudule thunthulo pamwamba pa malo ofewa, ndipo muyang'ane pabala: mukaona mawanga akuda kapena ofiirira, dulaninso pamwamba pake, kufikira mutapeza mnofu woyera ndi wolimba. Chakumtundacho chiumikeni monga ndamuuzira mwana wa ku Tafara uja, chotsala chowolacho muchizule ndi kuchitaya kutali, ndipo musabzalenso m'dzenje lomwelo.

Za dzenje ndiyenera kunenapo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amaphonya. Inu a ku Epworth ndi a ku Mabvuku, amene nthaka yanu ndi yamchenga pakati pa matanthwe, muli ndi mwayi, pakuti madzi sakhalitsa. Koma inu amene nyumba zanu zili kufupi ndi madambo a Marimba ndi Mukuvisi, kumene dothi ndi lamakande, lomata m'dzinja ndi long'aluka m'chilimwe, musakumbe dzenje lakuya, pakuti dzenje lotere limasunga madzi milungu yathunthu. Unjikani nthumbira yofika m'bondo, musakanize dothi ndi mchenga wa kumtsinje, timiyala ndi zidutswa za njerwa, mubzale pamwamba pake, pamalo olasa dzuwa tsiku lonse ndiponso potalikira ndi pamene madzi a padenga amagwera. Wobzala m'chidebe aboole pansi mabowo ambiri, ndipo asathirire asanapise chala m'dothi ndi kupeza kuti lauma ndithu. Manyowa a nkhuku muwasungire chimanga ndi repu.

Ndinachezapo kwa gogo wina wa ku Mufakose, mmodzi wa aja makolo awo anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito kuno mzinda uno ukali kutchedwa Salisbury, ndipo pakhomo pake panali yucca wotalika kupitirira denga, thunthu lake lotupa patsinde, makungwa okhakhala, mitu isanu yonse yobiriwira. Nditafunsa chinsinsi chake, anandilozera ndi ndodo mulu wa njerwa zotsala pomanga chimbudzi, nati mwamuna wake anangozika chidutswa pamenepo chaka chimene anabadwa mwana wawo woyamba, ndipo chiyambire palibe anachipatsapo ngakhale kapu ya madzi.

Ndipo izi zindifikitsa pa chimene chimandiwawa. Inu amayi a ku Glen View, ndi anzanu a ku Budiriro, mukudziwa kuposa ine mtengo wake wa madzi abwino, pakuti simunaiwale kolera wa 2008 ndi wa 2018, ndipo mukudziwa kuima pamzere wa pamjigo tambala asanalire, ana akuwodzera pa zigubu, mipopi ili gwa. Tsono ndikamayenda m'makomo ndi kuona madzi otungidwa ndi thukuta lotere akutsanuliridwa pa kapinga ndi pa maluwa aludzu, mtima wanga umandipweteka. Pakhomo pangakome popanda kumwa madzi a ana. Amene akukayika akaone munda wa Ewanrigg, panjira ya ku Shamva, umene Harold Basil Christian anauyamba ndi kuusiyira dziko lino. Akapite mu Juni kapena Julayi, tchire lonse litauma, akaone mmene mitundu ya gavakava, kapena kuti aloe, imene yambiri ndi ya kwathu konkuno, imayakira ndi maluwa ofiira. Bzalani yucca pamodzi ndi zimenezo, ndipo madzi a m'chigubu apite kumphika ndi kudimba la ndiwo.

Bambo a ku Kambuzuma akufunsa ngati mizu ya yucca imadyedwa, popeza wina anawauza kuti ndi mtundu wa chinangwa. Si chinangwa, bambo, ndipo musayese kuiphika. Mizu ya mitundu ina imachita thovu, ndipo eni dziko a ku America ankachapira ndi kusambira. Maluwa a mtundu wina wosabaya ndiwo amadyedwa ku El Salvador, kumene alinso duwa la fuko.

Pomaliza, agogo a ku Glen Norah akudandaula kuti mdzukulu wawo analasidwa patsaya ndi tsamba la yucca. Agogo, chenjezo ili ndalibwereza mpaka mawu kusasa: mtundu wa minga kunsonga usakhale pachipata, panjira ya kuchimbudzi kapena posewerera ana, pakuti nsonga zake zimalingana ndi diso la mwana. Tengani lumo lero lomwe mudule kansonga ka tsamba lililonse, ndipo Seputembala akafika muusamutsire kumpanda wa kuseri, mutavala magolovesi. Nthawi yatithera, kalata ya ku Kuwadzana yonena za mapapaya tidzayamba nayo sabata yamawa.