Phunziro: Njinga Yamoto Ikayamba Kudukiza, Tiyambire Pati?



Ambiri mwa ife njinga yamoto ndiyo imatinyamulira usipa ndi utaka kuchoka padoko kupita kumsika, ndiyonso imabweretsa feteleza kumunda. Njinga zathu zambiri n'zakale. Tsiku lina m'mawa imangoyamba kudukiza: tu-tu-tu, zii, kenako phaa kuekizozi. Nsomba yaiwisi sidikira makaniko. Dzuwa likakwera, ndalama yapita.

Chaka chatha ifenso zinatigwera. Njinga ya pakhomo pathu inkadukiza ikafika pamtunda. Mnyamata wathu anagula koyilo yatsopano, sizinathandize. Anagula CDI, chimodzimodzi. Pomaliza titamasula kabyuleta tinapeza timadzi tosadzaza n'supuni yomwe. Ndalama ya thumba la chimanga inapita chifukwa chongoganizira. Phunziro lathu lero ndi limeneli: tisagule chitsulo tisanapeze nthenda, ndipo tiyambire pa zinthu zosafuna ndalama.

Zinthu zitatu zimene injini imafuna

Kuti injini ilire bwino pamafunika moto wa papulagi, petulo wosakanizika bwino ndi mpweya, ndiponso mphamvu yopanikiza ya pisitoni. Chimodzi chikaperewera, petulo sayaka pa nthawi yake, ndiye kudukiza kuja. Njinga zathu za 125 ndi 150 zili ndi silinda imodzi yokha, n'chifukwa chake ikaphonya kamodzi thupi lonse limamva.

1. Choyamba, mvetserani

Musanagwire sipanala, dzifunseni kuti ikudukiza nthawi yanji.

Ikamadukiza itangoima, koma mukakoka mafuta n'kumalira bwino, kawirikawiri jeti yaing'ono ya m'kabyuleta yatsekeka. Ikamadukiza mukathamanga kapena pokwera mtunda ndi katundu, ganizirani jeti yaikulu, petulo wosafika mokwanira, kapena moto wofooka. Ikamayenda bwino ili yozizira n'kuyamba vuto itatentha, nthawi zambiri ndi koyilo yotopa kapena mavalavu othina. Ikamavuta mvula ikagwa kapena mutawoloka madzi, yang'anani chipewa cha pulagi ndi waya wake. Ikamadukiza pa mabampu pokha, pali waya wolekera penapake.

2. Pulagi imanena zoona

Dikirani injini izizire, mumasule pulagi, muone kunsonga kwake.

Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zinthu zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo wachuluka ndipo mpweya wachepa: mwina choki munaiwala kubweza, mwina sefa ya mpweya yadzaza fumbi. Ikakhala yakuda monyowa ndi oyilo, maringi atha. Pa njinga zosakaniza oyilo ngati Yamaha DT 125, zingatanthauzenso kuti oyilo akulowa wambiri. Ikakhala yoyera mbuu, chenjerani: petulo akuchepa, injini ikutentha mopyola, ndipo pisitoni ikhoza kuwonongeka.

Mpata wa kunsonga kwa pulagi pa njinga zazing'onozi umakhala mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Ukakula kwambiri moto umalephera kudumpha.

Kuti muone moto, bwezerani pulagi m'chipewa chake, mugunditse chitsulo chake pa injini patali ndi bowo la pulagi, wina aponde kiki. Gwirani pa labala, osati pa chitsulo. Moto wabwino ndi wobiriwira ngati thambo, wolira thethe. Wachikasu ndi wofooka. Yesani pulagi ina musanaweruze koyilo, chifukwa pulagi ndi yotchipa. Pobwezera, yambani kumanga ndi zala, sipanala pomaliza. Mazinga a pamutu wa injini ndi ofewa, sachedwa kudyeka.

3. Petulo ndi madzi

Apa ndi pamene ambiri a kunyanja timagwera. Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndiye petulo wokhalitsa m'thanki kapena m'chigubu chosatseka bwino amayamba madzi. Wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu amabweranso ndi zinyalala zake.

Pansi pa kabyuleta pali kabawuti kotulutsira petulo. Tsekani mpopi wa thanki, mumasule kabawutiko, muthire m'botolo loyera. Madzi amakhala pansi, petulo pamwamba, mudzaona ndi maso. Kenako tsegulani mpopi muone ngati petulo akutsika mosadukiza. Akamangodontha, kasefa ka pampopi kadzaza dzimbiri.

Majeti muwatsuke ndi petulo, muwauzire ndi pompa wa njinga. Musawatokose ndi singano, bowo likakula njinga idzamwa petulo ngati ng'ombe ya ludzu. Pogwira ntchito imeneyi pasakhale mbaula, nyali ya parafini kapena wosuta fodya pafupi.

Palinso kanthu kamene timakaiwala. Chivindikiro cha thanki chili ndi kabowo kopumira. Kakatsekeka, njinga imayenda pang'ono n'kuyamba kudukiza ngati petulo watha. Mukatsegula chivindikiro n'kumva fuu, njinga n'kulira bwino, nthenda mwaipeza.

4. Mpweya

Mchenga wa kudoko ndi fumbi la mwezi wa October zimatseka sefa msanga. Ya siponji muitsuke, iume, muipake oyilo pang'ono n'kufinya. Ya pepala sitsukidwa, imasinthidwa. Musayende opanda sefa ngakhale tsiku limodzi, mchenga umapala silinda ngati tupa. Onaninso labala yolumikiza kabyuleta ndi injini. Ikang'aluka imaba mpweya, ndipo pulagi imayera.

5. Pamene tiyenera kupita kwa makaniko

Ngati moto ulipo, petulo ndi woyera, sefa ili bwino, koma kiki ikutsika mopepuka ngati mulibe kanthu, ndiye kuti mphamvu yopanikiza yachepa. Amenewo ndi mavalavu kapena maringi. Mavalavu amayezedwa injini ili yozizira, ndi timipeni toyezera mpata, osati ndi maso. Apa tisachite manyazi, tipite kwa wodziwa. Koma tikafika tizimuuza zonse zimene tayesa kale, ndipo chitsulo chimene wachotsa tizichiona.

Asodzi anzathu a injini za maboti, njira yake ndi yomweyi: pulagi, petulo, mpweya, kenako zam'kati. Kusiyana kwake n'kwakuti panyanja palibe pokankhira.

Choncho tisananyamuke m'bandakucha ndi dengu la nsomba, m'thumba mukhale pulagi imodzi yatsopano, sipanala ya pulagi, sikuludiraiva ndi kabotolo koyera. Aphunzitseni anyamata amene amayendetsa njingazi kuti azimvetsera kaye asanathamangire kusitolo.