MAKHALIDWE A MTSOGOLERI WA AKRISTU

Ophunzira okondedwa, tsiku la ubatizo wanu likuyandikira. Pakadzapita zaka zowerengeka, akristu a m'mudzi mwanu adzakhala pansi kuti asankhe wotsogolera mapemphero a Lamulungu, wophunzitsa katekisimu, wosunga thumba la mphakati ndi woyendera odwala. Mwina cala cidzaloza inu. Kodi cidzakupezani okonzeka?

Musayese nchito zimenezi zazing'ono. Mu 1975 boma linatenga sukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo amishoni ambiri anacoka. Mu 1977 maepiskopi, ansembe ndi akristu eni ake anasonkhana ku Beira, nagwirizana kuti Eklezia ikhazikike pa timagulu ta akristu m'midzi, aliyense ndi udindo wake. Pambuyo pake nkhondo inabalalitsa anthu a ku Tsangano ndi ku Macanga, ambiri nathawira ku Malawi, kufikira mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Pa zaka zimenezo, kumene wansembe sanathe kufika, cikhulupiriro cinasungidwa ndi alimi onga inu. Conco tiyenera kudziwa mtima umene Mulungu afuna mwa mtsogoleri.

1. Woopa Mulungu ndi wodana ndi ziphuphu

Mose atalema ndi milandu ya Aisraele, mpongozi wake Yetero anamlangiza kuti asankhe omthandiza. Sanamuuze kuti afune olemera kapena odziwa kulankhula, koma anthu oopa Mulungu, okhulupirika ndi okana ziphuphu (Eksodo 18, 21). Munthu woopa Mulungu saweruza mlandu mokondera mbale wake, ndipo mbuzi kapena thumba la mbatata sizimtseka pakamwa.

2. Wokhulupirika pa zazing'ono

Samuele atafika ku Betelehemu, maso ake anakopeka ndi msinkhu wa Eliyabu, koma Mulungu anasankha Davide, mzime, amene anali kubusa (1 Samuele 16). Mnyamatayo anali atazolowera kuteteza nkhosa za atate ake kwa mkango ndi cimbalangondo, popanda womuona kapena womyamika. Ambuye Yezu atiphunzitsanso kuti cikhulupiriko ciyamba pa zinthu zocepa (Luka 16, 10). Amene abweza khasu lobwereka, amene sasuntha malire a munda, amene sasakaniza fodya woola m'kati mwa wabwino popita kumsika, ameneyo ndiye adzasunga bwino copereka ca akristu. M'mera mpoyamba.

3. Wosunga bwino banja lake

Paulo Woyera, polembera Timoteo, anachula zofunika mwa woyang'anira mpingo: akhale mwamuna wa mkazi mmodzi, wosaledzera, wosacita ndeu, wosakonda ndalama, wolandira alendo, wa mbiri yabwino ngakhale pakati pa akunja. Anafunsanso kuti munthu wolephera nyumba yake angasamale bwanji Eklezia. Anacenjeza kuti asaike wobatizidwa catsopano, kuopa kuti angadzitukumule (1 Timoteo 3, 1-7). Mau amenewa akukhudza inu. Musathamangire mpando. Yambani mwakhala pansi pa akulu ndi kuphunzira kumvera. Ndipo inu amai musati phunziro ili nda amuna okha, pakuti Paulo yemweyo anayamika Febe ndi Prisila cifukwa ca nchito yao mu mpingo (Aroma 16, 1-4).

4. Wodzicepetsa ndi wosathawa nkhosa

Usiku wa Lacinai Loyera Ambuye anamanga nsaru m'ciuno, nasambitsa mapazi a ophunzira ao (Yohane 13). Utsogoleri wacikristu uli comweco: woyamba kufika pa maliro, womaliza kulandira mbale ya nsima. Ambuye anasiyanitsanso mbusa weniweni ndi waganyu. Waganyu akaona mmbulu athawa, cifukwa nkhosa si zake, koma mbusa ataya moyo wake cifukwa ca izo (Yohane 10, 11-13).

Dziko lathu lomwe lino linaona abusa otere. Bambo João de Deus Kamtedza, wobadwira ku Angonia mu 1930, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, onse a Cipani ca Yezu, ankakhala ku Chapotera, pafupi ndi mishoni ya Lifidzi. Nkhondo itakula iwo sanasiye anthu ao, ndipo sanakhale cete pa nkhanza zimene anthuwo ankacitiridwa. Pa 30 Okutobala 1985 anthu amfuti anawagwira usiku nakawapha. Eklezia inayamba kufufuza za moyo wao kuti mwina adzachulidwe Odala. Kulimba mtima kwao sikunabadwe usiku umenewo ai. Kunakula pang'onopang'ono m'zaka zambiri za kupemphera ndi kutumikira.

Ambiri mwa inu simudzafunsidwa magazi anu. Mudzafunsidwa kuyenda m'matope a dzinja kukapempherera wodwala, kupirira miseche, ndi kudzudzula mbale wolakwa mwacikondi. Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Mphamvu yace mudzaipeza mwa Mzimu Woyera amene mudzalandira pa ubatizo ndi pa ulimbitso.

MAFUNSO

1. Kodi Yetero anauza Mose kuti asankhe anthu otani?
2. Kodi Davide anaphunzira kuti kuweta anthu a Mulungu?
3. Cifukwa ninji wobatizidwa catsopano sayenera kuthamangira udindo?
4. Kodi mbusa weniweni asiyana bwanji ndi waganyu?

COCITA

Sabata ino ndidzabweza ciliconse ca mwini cimene cili m'nyumba mwanga, ndipo ndidzathandiza wokalamba mmodzi popanda kuuza munthu.

PEMPHERO

Ambuye Yezu, Mbusa wabwino, ongolani mitima yathu ikali yanthete. Tiphunzitseni kukhulupirika pa zazing'ono, kuti tsiku limene abale athu adzatisenzetsa katundu, tidzausenze modzicepetsa, osautula pa nthawi ya mabvuto. Amen.